Mwini Wake Sapempha

Akuluakulu adati wopempha sakulitsa chitete. Mwambiwu umalangiza munthu amene wapita kwa mnansi wake kukapempha ufa kuti alandire mwaulemu chilichonse chimene wapatsidwa, osawerengera kapena kudandaula, popeza ufawo si wake. Langizo limeneli n'labwino pamalo pake. Komatu pali munthu wina amene amafika pakhomo ndi chitete chomwecho, atavala nsanza zomwezo, koma iye sali wopempha ayi. Ameneyu ndi munthu amene adasungitsa chimanga chake m'nkhokwe ya mnzake, ndipo lero wabwera kudzatenga. Powayang'ana ndi maso, anthu awiriwa ngofanana, koma pa nkhani ya chilungamo ngosiyana kutalitali. Woyambayo akamanidwa amabwerera kwawo wopanda mlandu wokasuma kwa mfumu. Wachiwiriyo akamanidwa ndiye kuti waberedwa.

Kusiyana kumeneku kumaiwalika kawirikawiri pamene anthu akukamba za thandizo limene boma limapereka kwa osauka, ndiponso za ndalama za msonkho zimene boma limayenera kubwezera anthu amene adalipira mopitirira muyeso. Ambiri amaganiza kuti wolandira ndalama zoterezi wachitiridwa chifundo, ndipo amene wamuthandiza kulemba mafomu wamuchitira chifundo chachiwiri. Tsono funso loyenera kulisinkhasinkha ndi ili: kodi kuthandiza munthu wosauka kuti alandire chimene lamulo lidamupatsa kale ndi ntchito yachifundo, imene munthu angaichite kapena kuileka monga wafunira, kapena ndi ntchito yachilungamo, imene anthu odziwa ayenera kuichita ngati kubweza ngongole? Funsoli si lotayitsa nthawi, chifukwa yankho lake limasintha khalidwe la wothandiza ndi la wothandizidwa yemwe.

Dziko limene nkhaniyi imaonekera bwino ndi la United States of America, chifukwa kumeneko gawo lalikulu la thandizo la anthu osauka ogwira ntchito limadzera m'makalata a msonkho. Kuyambira chaka cha 1943, lamulo la dzikolo limalamula olemba anthu ntchito kuti azidula msonkho pa malipiro wantchito asadawalandire, monga momwe zimachitikira ku Malawi ndi msonkho wa PAYE. Chaka chikatha, munthu amalemba fomu yofotokoza ndalama zonse zimene adapeza, n'kuitumiza ku bungwe lotolera msonkho lotchedwa Internal Revenue Service, mwachidule IRS, kawirikawiri pofika pa 15 Epulo. Akapezeka kuti adadulidwa zochepa amaonjezera, ndipo akapezeka kuti adadulidwa zambiri boma limamubwezera zapamwambazo. Koma kubwezako sikuchitika kokha. Amene sadalembe fomu sabwezeredwa kanthu.

M'chaka cha 1975, Pulezidenti Gerald Ford adasayina lamulo limene lidayambitsa thandizo lotchedwa Earned Income Tax Credit, kapena kuti EITC. Cholinga chake chidali kupeputsa mtolo wa anthu amene amagwira ntchito koma malipiro awo ngochepa. Boma limawerengera munthu wotere ndalama zina molingana ndi malipiro ake komanso chiwerengero cha ana ake. Ndalamazo zimayamba zafafaniza msonkho umene munthuyo amayenera kupereka, ndipo zikatsalako zimaperekedwa m'manja mwake. Poyamba banja silinkalandira zoposa madola 400 pachaka, koma pa malipiro a chaka cha 2023 banja la ana atatu kapena kuposerapo linkatha kulandira mpaka madola 7,430. M'chaka chimenechi antchito ndi mabanja pafupifupi 23 miliyoni adalandira madola 57 biliyoni onse pamodzi. Kwa mayi wosesa m'maofesi usiku, ndalama zimenezi ndizo zolipirira ngongole ya nyumba ndi kugulira ana zovala zam'nyengo yozizira.

Chodabwitsa n'chakuti bungwe la IRS lomwelo limavomereza kuti mwa anthu 5 alionse oyenera kulandira thandizoli, mmodzi salandira. Kuonjezera apo, lamulo limapereka zaka 3 zokha zoti munthu aitanitse ndalama zake. Nthawiyo ikadutsa, ndalamazo zimasanduka chuma cha boma mpaka kalekale. M'chaka cha 2023 bungweli lidalengeza kuti anthu pafupifupi 1.5 miliyoni adali asadaitanitse ndalama zawo za chaka cha 2019, zokwana pafupifupi madola 1.5 biliyoni, ndipo tsiku lomaliza lidali 17 Julayi. Ambiri mwa anthu otere ndi ogwira maganyu, ophunzira, ndi ena olandira malipiro ochepa. Motero m'dziko lolemera zedi muli anthu amene amasowa chogulira chakudya pamene ndalama zawo zili phee m'mabuku a boma, kudikira pepala limodzi limene silidalembedwe.

Munthu wongomva nkhaniyi angafulumire kunena kuti anthu amenewa ndi aulesi kapena osasamala, ndipo angakumbutse kuti safunsa adadya phula. Koma zifukwa zenizeni ndi zina. Choyamba ndi kusadziwa. Lamulo silikakamiza munthu wamalipiro ochepa kwambiri kulemba fomu ya msonkho, choncho iye amaganiza kuti nkhani ya msonkho siimukhudza, osazindikira kuti fomuyo ndiyo khomo lolandirira. Chachiwiri ndi kuvuta kwa malamulo. Mwachitsanzo, kuti mwana awerengedwe ayenera kukhala kuti adakhala m'nyumba ya wopemphayo kopitirira theka la chaka. Nanga mwana amene adakhala miyezi ina kwa mayi ake, ina kwa bambo ake, ina kwa agogo ake, amuwerengere ndani? Chachitatu ndi mantha ndi manyazi. Munthu amaopa kuti akalakwitsa adzaimbidwa mlandu, ndipo amachita manyazi kuulula umphawi wake pamaso pa mlendo. Amenenso sadziwa bwino Chingerezi vuto lake limakula kawiri.

Umboni wakuti vuto si ulesi udapezeka m'chigawo cha Pennsylvania. Ku America kuli thandizo logulira chakudya limene lamulo lake lidakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kuyambira 2008 limadziwika ndi dzina lakuti SNAP. Okalamba ndiwo amatsalira kwambiri polilandira. Akatswiri awiri a zachuma, Amy Finkelstein ndi Matthew Notowidigdo, adasankha okalamba pafupifupi 30,000 amene ankaoneka kuti ngoyenera kulandira koma sadalembetse, n'kuwagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba silidauzidwe kanthu. Gulu lachiwiri lidalandira kalata yowadziwitsa kuti mwina ngoyenera. Gulu lachitatu lidalandira kalata pamodzi ndi nambala ya telefoni ya anthu owathandiza kulemba mafomu. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2019. Patatha miyezi 9, m'gulu loyamba mudalembetsa anthu 6 mwa 100 alionse, m'gulu lachiwiri anthu 11, ndipo m'gulu lachitatu anthu 18. Lamulo lidali lomwelo, umphawi udali womwewo. Chidasintha n'chakuti padapezeka munthu wogwira mnzake dzanja.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Nkhokwe yodzaza chimanga imene ilibe makwerero siipulumutsa mwini wake ku njala. Chimodzimodzinso ufulu wolembedwa m'lamulo, koma umene mwini wake sangathe kuufikira, umakhala ufulu wa dzina lokha. Lamulo likanena kuti mayi wa ana atatu alandire ndalama zakutizakuti, koma njira yolandirira n'kukhala yofuna maphunziro amene mayiyo alibe, nthawi imene iye sangaipeze, ndi kulimba mtima kumene umphawi udamulanda, ndiye kuti lamulolo lapereka ndi dzanja lamanja n'kulanda ndi lamanzere. Zopinga zimenezi sizigwera anthu mofanana. Wolemera amalemba ntchito katswiri wa msonkho amene amamupezera khobidi lililonse limene lamulo likuloleza. Wosauka, amene khobidi limodzi ndi lamtengo wapatali kwa iye, ndiye amasiyidwa yekha ndi pepala. Amene amabwera ndi makwerero sadaonjezere chimanga m'nkhokwemo, koma popanda iye chimangacho chikadadyedwa ndi anankafumbwe.

Chifundo ndi chilungamo ndi makhalidwe abwino onse awiri, koma magwero ake ngosiyana. Chifundo chimachokera mumtima mwa wopereka, ndipo iye amapereka chake. Chilungamo chimachokera pa ufulu wa wolandira, ndipo iye amalandira chake. Anthu akale ankakudziwa kusiyana kumeneku. M'buku la Levitiko, mutu 19, Aisraeli adalamulidwa kuti pokolola asamamalize m'mphepete mwa munda ndiponso asamatole zogwa pansi, kuti osauka ndi alendo adzakunkhe. Mfundo yaikulu m'lamulo limeneli njakuti gawo la wosauka silidadalire kuti mwini munda wadzuka bwanji tsiku limenelo. Rute atalowa m'munda wa Boazi ku Betelehemu kukakunkha balere, adalowa m'gawo limene chilamulo chidasiyira anthu onga iye. Boazi adaonetsa chifundo pamene adauza anyamata ake kuti amusiyire zoonjezera, koma khunkha lenilenilo lidali lake la Rute malinga ndi chilamulo.

Pa nkhani ya msonkho wodulidwa mopitirira muyeso palibe amene angatsutse. Ndalamazo ndi thukuta la wantchito, ndipo boma lidangozisunga. Koma ena angafunse kuti: nanga thandizo logulira chakudya, kapena gawo la EITC loposa msonkho umene munthu adapereka, silichokera m'matumba a anthu ena kodi? Funsoli n'lomveka, ndipo lili ndi mayankho awiri. Loyamba n'lakuti osauka nawonso amakhoma msonkho. Ku America wantchito amadulidwa msonkho wa thumba la penshoni kuyambira pa dola yoyamba ya malipiro ake, ndipo m'zigawo zambiri amalipira msonkho pogula katundu m'sitolo. Chimodzi mwa zifukwa zoyambitsira EITC chidali kubwezerako mtolo umenewu. Lachiwiri n'lakuti mtundu wa anthu ukagwirizana kudzera m'nyumba ya malamulo kuti anthu akutiakuti azilandira zakutizakuti, chinthucho chimasanduka lonjezo. Anthu ali ndi ufulu wotsutsa lamulolo ndi kulisintha, koma pamene lidakalipo, kulekerera kuti eni ake asalifikire n'kuphwanya lonjezo mwakachetechete.

Pozindikira zimenezi, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ku America kwakhala kuli ntchito yotchedwa Volunteer Income Tax Assistance, mwachidule VITA. Anthu ongodzipereka, monga ophunzira a m'makoleji, aphunzitsi, ndi akalaliki opuma pantchito, amaphunzitsidwa malamulo a msonkho ndipo amalemba mayeso a IRS chaka ndi chaka asadayambe kuthandiza anthu. Nyengo ya msonkho ikafika, iwo amakhala m'malaibulale, m'masukulu ndi m'maholo am'madera, n'kumalembera anthu amalipiro ochepa, olumala, ndi osadziwa bwino Chingerezi mafomu awo kwaulere. Lamulo lawo limawaletsa kulandira malipiro kapena mphatso kuchokera kwa amene awathandiza. Ntchito yawo siioneka yapamwamba. Ndi ntchito yofunsa mafunso, kuwerenga malisiti opindikapindika, ndi kufotokoza chinthu chimodzi katatu mosatopa. Komabe ola limodzi la ntchito yotere limatha kubweretsa m'banja ndalama zoposa malipiro a mwezi wathunthu.

Pamene thandizo laulere lasowa, amalonda amalowapo. M'zaka za m'ma 2000, anthu osauka mamiliyoni ambiri ku America ankapita ku makampani olemba mafomu a msonkho, kumene ankapatsidwa ngongole yoti agwiritse ntchito podikira kuti boma liwabwezere ndalama zawo. Ngongoleyo inkakhala ya sabata imodzi kapena ziwiri zokha, koma chiwongoladzanja chake chikawerengedwa pachaka chinkafanana ndi cha katapila. Kunena mwachidule, munthu ankalipira kuti abwereke ndalama zake zomwe. Mabanki adasiya kupereka ngongole zamtundu umenewu pofika 2012 boma litalowererapo. Sikuti kulipiritsa ntchito yaukatswiri n'kulakwa, pakuti wantchito ayenera malipiro ake. Cholakwa ndi kupeza phindu kuchokera ku umbuli ndi kupanikizika kwa mnzako, kumubisira njira yaulere kuti adzere njira yako yolipira. Zoterezi n'zimene akuluakulu ankanena kuti wopusa adaimba ng'oma, wochenjera navina.

Ngati tsono kuthandiza kotere ndi ntchito yachilungamo, pali maudindo atatu amene amagwera wothandizayo. Udindo woyamba ndi wakuti asadziyese mwini wa chimene wathandiza kupeza. Munthu amene watola mbuzi yosochera n'kuibweza kwa mwini wake angathokozedwe, koma sangaumirire kuti apatsidwe mwendo. Wothandiza amene amadulako gawo la ndalama za nkhalamba, ngakhale atalitchula dzina lokoma lotani, walowa m'gulu la akuba. Palinso kuba kwina kosaoneka ndi maso, ndiko kusandutsa wothandizidwa kapolo wa kuthokoza: kumukumbutsa tsiku ndi tsiku kuti popanda uje sakadalandira kanthu, kapena kumuuza kuti posinthana ndi thandizolo avotere wakutiwakuti. Wochita zimenezi watenga chinthu cha boma n'kuchisandutsa mphatso yake, ndipo watenga mwini chinthu n'kumusandutsa wopempha.

Udindo wachiwiri ndi kunena zoona. Mtima wachisoni umatha kunyenga wothandiza kuti aonjezere mwana mmodzi pa fomu, kapena abise ndalama zina zimene munthu adapeza, poganiza kuti boma n'lolemera ndipo silingamve kupweteka. Malipoti a boma la America akhala akusonyeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a ndalama za EITC, zaka zina kuposerapo, limaperekedwa molakwika, mwina chifukwa cha kuvuta kwa malamulo, mwina chifukwa cha chinyengo. Cholakwacho chikadziwika, amene amabweza ndalama ndi mwini fomu. Akapezeka kuti adanyozera malamulo dala amaletsedwa kulandira thandizoli kwa zaka 2, ndipo akapezeka ndi chinyengo amaletsedwa kwa zaka 10. Motero bodza lochitidwa m'dzina la chifundo limabwerera pamutu pa wosauka yemweyo. Kuonjezera apo, bodza lililonse limapereka chida kwa anthu amene amafuna kuti thandizolo lithetsedwe. Amene akuimira chilungamo sangapemphe zoposa zimene chilungamocho chikuloleza.

Udindo wachitatu ndi kulemekeza munthu. Wobwera kudzathandizidwa amavula moyo wake wonse pamaso pa wothandiza: malipiro ake, ngongole zake, matenda ake, ngakhale kutha kwa ukwati wake. Zinthu zimenezi si nkhani zokacheza nazo kumsika. Kulemekeza munthu kumatanthauzanso kumufotokozera chimene chikulembedwa m'dzina lake, kumulola kuti asankhe yekha, ndi kumuphunzitsa kuti chaka chamawa adziwe poyambira. Pali othandiza ena amene amakondwera kuti anthu aziwadalira mpaka muyaya, chifukwa kudaliridwako kumawapatsa ulemu. Wothandiza weniweni amasangalala akaona kuti amene adamulembera fomu chaka chatha, chaka chino walemba yekha ndipo walemberanso mnansi wake. Khasu lobwereka silichedwa kuthyoka, ndipo nzeru yobwereka imatha tsiku limene mwini wake wasamuka.

Pali anthu amene amatsutsa ntchito yonseyi ponena kuti imalimbikitsa ulesi. Iwo amati munthu akazolowera kulandira, manja ake amafooka. Nkhawa imeneyi siyenera kunyozedwa, chifukwa thandizo lokonzedwa molakwika likhoza kufooketsadi anthu. Komabe wotsutsayo ayenera kuyang'ana bwino amene akulandira. Thandizo la EITC limaperekedwa kwa okhawo amene agwira ntchito, ndipo wopanda malipiro alionse salandira. Okalamba a ku Pennsylvania aja adagwira kale ntchito zawo mpaka mphamvu zidatha. Ndiponso ngati lamulo lili ndi cholakwa, malo olikonzera ndi m'nyumba ya malamulo, poyera, pamaso pa anthu onse. Kusiya lamulo lili chilili n'kumadalira kuti ovutikitsitsa alephere kulifikira si njira yolimbana ndi ulesi, chifukwa amene amagwa m'sefa yotere ndi osaona bwino, osawerenga ndi odwala, pamene ochenjera amadutsa bwinobwino.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ina. Iwo amati anthu ongodzipereka amabisa kulephera kwa boma: akamanyamula anthu kuwaolotsa mtsinje, boma siliona chifukwa chomangira mlatho. Mfundo imeneyi ili ndi choonadi chachikulu. Ku Britain, mwachitsanzo, antchito ambiri salemba fomu ya msonkho chaka ndi chaka. Bungwe lotolera msonkho limawerengera lokha, ndipo likapeza kuti munthu adadulidwa zambiri limamulembera kalata yomudziwitsa. Izi zikusonyeza kuti kuvuta kwa njira si chinthu chachibadwa ngati mvula, koma n'chopangidwa ndi anthu ndipo anthu akhoza kuchisintha. Komabe munthu wanjala lero sangadikire mlatho wa zaka 10 zikubwerazo. Yankho loyenera n'kuchita zonse ziwiri: kuolotsa amene ali patsidya lero, ndi kukauza eni mphamvu malo amene anthu akumira. Ndipotu palibe amene amadziwa bwino malo amenewo kuposa munthu amene amakhala ndi mafomuwo tsiku ndi tsiku.

Nkhani imeneyi siili kutali ndi mudzi wa ku Malawi, ngakhale kuti njira zake n'zosiyana. M'chaka cha 2006 boma lidayambitsa ndondomeko ya Mtukula Pakhomo m'boma la Mchinji, ndipo pofika 2018 idafalikira m'maboma onse 28. Ndondomekoyi imapereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye, olumala, odwala matenda a mgonagona, ndi ana olera anzawo. Mabanja amene ali ndi ana apasukulu amalandira kangachepe koonjezera. Kuno munthu salemba fomu ya msonkho kuti alandire, pakuti mayina amasankhidwa mothandizidwa ndi makomiti am'midzi. Koma makwerero akufunikabe. Kuyambira 2017, pamene Amalawi oposa 9 miliyoni adalembetsa ziphaso za unzika, chiphaso chasanduka kiyi wa zinthu zambiri za boma. M'maboma ena ndalama zimadzera pa kadi ya kubanki kapena pa foni, ndipo zimafuna nambala yachinsinsi.

Tsono gogo amene maso ake adachita khungu, amene sadapiteko kusukulu, amayenera kudalira wina kuti amuwerengere uthenga wapafoni, amukumbutse tsiku lolandira, amuperekeze kukakonzetsa chiphaso chotayika, kapena amulembere dandaulo dzina lake likasowa m'kaundula. Kawirikawiri wina ameneyu amakhala mdzukulu wa kusekondale, chifukwa ndiye wowerenga pabanjapo. Maudindo atatu aja amagwera iyeyo monga momwe amagwera katswiri wa ku Pennsylvania. Mdzukulu amene wapatsidwa nambala yachinsinsi ya agogo ake wapatsidwa mayeso akulu kuposa a MSCE. Akhoza kutapa ndalama zonse n'kukapereka zonse, kapena akhoza kuchotsako pang'ono n'kunena kuti mwezi uno boma latumiza zochepa. Palibe amene angamuone. Chimodzimodzinso membala wa komiti amene walemba dzina la mayi wamasiye ayenera kukumbukira kuti sadamupatse kanthu kochokera m'thumba mwake, ndipo alibe gawo pa tsiku lolandira.

Funso lotsala ndi lakuti: n'chifukwa chiyani udindo umenewu ukutchedwa ngongole ya anthu ophunzira? Yankho lake lili m'mbiri ya maphunziro awo omwe. Palibe munthu amene adadziphunzitsa yekha kuwerenga. Sukulu idamangidwa ndi njerwa zoumbidwa ndi anthu am'mudzi, ambiri mwa iwo osadziwa kulemba dzina lawo. Mphunzitsi amalipidwa ndi msonkho umene amapereka aliyense wogula katundu m'sitolo, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Pamene boma lidathetsa fizi m'sukulu zapulayimale mu 1994, mtolo wake udasenzedwa ndi mtundu wonse pamodzi ndi mayiko othandiza. Motero luso lowerenga fomu ndi chuma chimene anthu ambiri adasonkherana n'kuchiika m'mutu mwa munthu mmodzi. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mudzi udachenjera manja polera mwanayo, ndipo tsiku limene iye akuwerengera nkhalamba kalata ya boma ndilo tsiku limene mudziwo ukudya naye.

Pomaliza, n'koyenera kuvomereza kuti m'ntchito imeneyi chifundo chili ndi malo ake. Palibe lamulo limene lingakakamize munthu kutaya Loweruka lake kukhala m'laibulale ndi malisiti a mlendo, kapena kuyenda mtunda wautali kuperekeza nkhalamba ku ofesi ya boma. Chimene chimadzutsa munthu pampando ndi mtima wachifundo, pamodzi ndi kukumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, pakuti maso a aliyense adzafooka ndipo mafomu amawa adzakhala achilendo kwa ophunzira alero. Koma chimene munthuyo akupereka akafika kumeneko ndi chilungamo. Wothandiza akamvetsa zimenezi amagwira ntchito yake modzichepetsa, moona mtima, ndi mosunga chinsinsi. Wothandizidwa akamvetsa zimenezi amaleka kugwada pakhomo la ofesi ngati wopalamula. Amafunsa mwaulemu koma mosaopa, amawerenga ndalama zake pamaso pa wopereka, ndipo zikaperewera amanena. Wopempha ndiye sakulitsa chitete, koma mwini chimanga ali ndi ufulu wobwera ndi chitete cholingana ndi chimene adasungitsa.